Kumuwolotsa Nangozo pa Mlatho wa Abulu

Sunthirani kuno, utsi ukulowera uko. Nkhani iyi iyambira pa miyala, pakuti amene sanauone Mlatho wa Abulu sangamvetse zimene zinamuchitikira Elifala Kamtedza chaka chimene anabwerera kumudzi.

Kumunsi kwa tauni yaing'ono ya Pamsasa, kuseri kwa chigayo chakale, kuli kanjira kotsetserekera kumtsinje wa Nankhuwi. Mlathowo uli pamenepo. Anaumanga magalimoto asanafike kumapiri kuno, nthawi imene mchere, nsalu ndi makasu zinkakwera kuchokera kudoko la kuchigwa pamitu ya amtengatenga ndi pamisana ya abulu. Simenti kunalibe. Amisiri ankasema miyala ya m'phiri n'kumaimata ndi laimu wowotcha okha, mwala kutsamira mwala unzake, mpaka mbali ziwirizo zinakumana pamwamba pa madzi ngati uta. M'lifupi mwake mumangokwana bulu mmodzi. Timakoma ta m'mbali anatilekezera m'mawondo mwadala, kuti mitolo yolendewera uku ndi uku izidutsa pamwamba osakhula. Pakati pake panatukuka linunda, moti woima tsidya lino samuona wa tsidya linalo.

Tsono bulu sakonda kuyenda chambuyo, ndipo pamlathopo palibe potembenukira. N'chifukwa chake panali lamulo. Wofuna kuwoloka ankayamba wagogoda katatu ndi ndodo pa mwala wa pakamwa pa mlatho, kuti wa kutsidya amve, adikire. Akagogoda onse awiri, wosenza ndiye ankayamba, wamanjamanja n'kupatuka. Akakhala kuti onse asenza, ankadutsa wa katundu wolemera. Miyala iwiri yogogodapo ija ilipo mpaka lero, yokumbika pakati ngati timitondo.

Tsidya linalo, pansi pa mikuyu, panali msasa pamene oyendetsa abulu ankagona, ndipo ndi umene unapatsa tauniyo dzina. Chaka cha chifuwa chachikulu, gulu lathunthu linagona pamenepo osadzukanso. Anali anthu akutali, ena a zinenero zosamveka kuno. Anawaika mzere umodzi, ndipo palibe mbale amene anabwera kudzawatenga. Abulu awo anangoyendayenda m'mbali mwa mtsinje mpaka anatha okha.

Pa mlatho umenewu ndi pamene Elifala, ali mnyamata, ankakhala pakakhoma kumudikirira Esinati wa kwa Ngozo kuti adutse ndi dengu la zochapa. Ndi pomweponso pamene awiriwo anawolokera atakwatirana, sutikesi pamutu pa mkazi, kukakwera basi tsidya lija, pakuti masiku amenewo mlatho wa simenti wa kumunsi uja unali usanamangidwe. Ankapita ku Bulawayo kwa zaka ziwiri zokha. Anakhalako zaka makumi anayi ndi chimodzi, mwamuna akudula zikopa pafakitale ya nsapato, mkazi akusoka pakhonde ndi makina opalasa. Mphatso ya ana sanakhale nayo. Anali awiriwiri basi.

Esinati atadwala matenda omaliza, anamugwira mwamuna wake dzanja nati, "A Kamtedza, mafupa asiyeni kuno, ndi olemera. Koma ine mukanditule kwa amayi."

Mwambo wake Elifala ankaudziwa, ndipo Velina, mng'ono wake wa Esinati, anamubwerezera kangapo pafoni. Munthu akafera kutali, umatapa dothi la kumutu kwa manda ake, n'kulimanga m'nsalu imene ankavala. Panjira, pa mtsinje uliwonse, umamuuza dzina la mtsinjewo ndi kuti tikuwoloka, chifukwa wakufa sawoloka madzi osauzidwa. Uli pamwamba pa madzi suyankhula ndi wina aliyense koma iye yekha, ndipo sucheuka.

Zophweka. Koma Elifala anakhala zaka zitatu asananyamuke.

Chimene sanauze munthu n'chakuti nyumba ija sinakhale yopanda munthu. Madzulo akamamwa tiyi, mpando wa pamakina unkalira pang'ono ngati wina wakhalapo. Akalowa kuchipinda ankapeza fungo la sopo wochapira ndi mafuta a makina. Nthawi zina, kuseri kwa chitseko, wina ankang'ung'udza nyimbo ya kumvano osaimaliza. Iye ankamufotokozera za tsikulo, za mitengo ya zinthu, za bondo lake, ndipo ngakhale yankho silinkabwera, ankadziwa kuti akumvedwa. Maliro aja sanalire n'komwe. Ankati akulirira chiyani, munthu ali pomwepa?

Koma maso anayamba kuchita chidima, ndipo mawu a Velina pafoni anayamba kuuma. Tsiku lina m'mwezi wa Juni anapita kumanda, anatapa dothi lodzaza dzanja, nalimanga m'duku yofiirira ya mkazi wake.

Ulendo wonse anachita bwino. Basi ikamayandikira mlatho, ankaweramira m'thumba la jekete n'kunong'ona. Pa Tete anthu anamuyang'ana ngati wozungulira mutu pamene ananena mokweza, "ANangozo, uyu ndi Zambezi, wamkulu uja. Musaope, tikuwoloka." Timitsinje touma tomwe ankatitchula, dzina akalisowa ankafunsa kondakitala basi isanafikepo. Ndipo njira yonse kadukuko kankamveka kofunda pachifuwa pake.

Minibasi yomaliza inatsetsereka chakumadzulo kulowera ku Nankhuwi. Matayala analira pa mlatho wa simenti, gudugudu, n'kutulukira mbali inayo. Elifala sananene kanthu.

Velina anamuchingamira pabwalo, manja m'chiuno.

"Alamu! Ndinu kapena ndi agogo anu? Imvi zonsezi mwachita kugula ku Bulawayo?"

"Inunso mwafupika, alamu. Akukudyani kumapazi ndani?"

"Ndi kudikira inu kumeneku. Munthu kuitanidwa zaka zitatu, ngati tikuitana mvula!"

Anaseka, anamupatsa madzi, kenaka Velina anayala mphasa, nagwada, natambasula manja onse awiri. Elifala anatulutsa duku ija naiika m'manjamo. Mayiyo anaikweza pang'ono, anaitsitsa, anaigunditsa patsaya. Kuseka kunazima pankhope pake.

"Alamu, ili ndi dothi."

"Eya, la kumutu kwa manda, monga munanenera."

"Ndikuti ndi dothi lokhalokha. Achemwali mulibe muno." Anamuyang'anitsitsa. "Munawauza mitsinje yonse?"

"Yonse. Ngakhale ya mchenga wokhawokha."

"Nanga wathuwu?"

Elifala anayang'ana nsapato zake. "Ndinagona. Ulendo unali wautali."

"Munagona," anatero Velina, osafunsa, osatsutsa. Anaibweza duku ija m'manja mwake. Inali yozizira ngati mwala wa m'madzi.

M'mawa mwake mchere unasowa. Velina anatsegula kachitini kake n'kupeza mbee, ngati wina wanyambita. Anapita kukapempha kwa anansi, nawonso anali akugwedeza zitini zawo. Pagolosale ya pamsika mwini wake anali ataima kukamwa yasa, atanyamula mapaketi osatsegula, omata bwinobwino, koma opepuka ngati masamba. Anthu anaseka, ena anati ndi chinyezi cha Juni, ena anati ndi makoswe ophunzira. Ndiwo za tsiku limenelo tauni yonse inadya zozizira.

Tsiku lachiwiri, wa pachigayo anapeza ndowe pakanjira kotsetsereka kaja, zikufuka nthunzi. Sizinali za ng'ombe, sizinali za mbuzi. Ku Pamsasa kulibe amene amaweta abulu. Chakumasana, mphepo itaima, Elifala ali pakhonde anamva timabelu kutali, ngelengele, ngelengele, tikuyenda mwaulesi ngati tomangidwa m'khosi mwa nyama zotopa. Anayang'ana mlamu wake. Velina anapitiriza kusankha nyemba, koma dzanja lake linkangobwerera pa nyemba imodzimodzi.

Tsiku lachitatu kunabwera Nachisale, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, zochapa zake zikudontha m'beseni, zosamaliza.

"Anzanga, kumtsinje kuli mlendo," anatero, osakhala n'pansi. "Tsidya lija, pakamwa pa mlatho wakale. Mayi wa m'tauni, juzi yobiriwira, chikwama chakuda m'khwapa. Waima njo, kutifulatira. Tamupatsa moni, zii. Tati mwina ndi wogontha, tafuula tonse, zii. Dzulonso anali pomwepo, koma dzulo anali yekha."

"Lero ali ndi yani?" anafunsa Velina.

Nachisale anatsitsa mawu. "Sindinganene kuti ndaona anthu. Koma udzu womuzungulira ukugwa wokha, ngati pali zimene zikudya. Ndipo pansi pa mikuyu pakufuka utsi popanda moto."

Elifala anaika kapu yake ya tiyi pansi. Juzi yobiriwirayo anagula yekha, chaka chimene kunazizira kwambiri ku Bulawayo.

Nachisale atapita, Velina anakhala pafupi naye. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Alamu, achemwali mlatho wa simenti saudziwa. Anachoka usanamangidwe. Mutawasiya kutsidya, apita pamene amadziwa, ndipo aima pamenepo kudikira kuti wina awauze. Koma pamsasa paja si poima munthu masiku ambiri. Amayi ankatiuza kuti mchere ukayamba kusowa m'nyumba, ndiye kuti eni msasa akumanga katundu. Akanyamuka sasiya munthu ali yekha panjira. Amamutenga."

"Kupita naye kuti?"

"Kudoko kumene sanafike kuja, kaya. Anapitako ndani n'kubwera kudzatiuza?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mawa m'mawa muzungulire pa mlatho wa simenti, mukawaitane, muwawolotse pa wakale. Ine sindingathe. Anauza inu, adzamvera inu. Ndipo mukagogode, alamu. Kumeneko lamulo silinathe."

Kunacha ndi nkhungu ya mbuu, yonyowetsa nsidze. Elifala anavala jekete, anatenga ambulera yake yakuda ndi duku ija. Anawoloka mlatho wa simenti wapansi, nakhotera kumtunda, kutsata gombe. Kanjira kamene ankakadziwa ali mwana kanali katamera tsekera, komabe mapazi ake ankakapeza okha. Phokoso la tauni linatsalira m'mbuyo pang'onopang'ono: tambala, wailesi ya pagolosale, injini ya chigayo ikutsokomola. Kenaka kunangotsala madzi. Ndipo madziwo ankamveka ngati akuyenda chobwerera.

Anayenda nthawi imene sakanatha kuiyeza. Mwina mphindi khumi, mwina theka la tsiku. Mikuyu inatulukira m'nkhungumo umodziumodzi, yaikulu kuposa mmene ankaikumbukira, ndipo panamveka fungo la utsi wa ndowe zouma ndi thukuta la nyama.

Pa muzu wa mkuyu woyamba panakhala munthu akupota chingwe pantchafu. Anavala malaya a chiguduli ndi chipewa cha mlaza, mapazi ake ong'aluka ngati dambo la mu Okutobala. Nkhope yake Elifala sanaione bwino. Nkhungu inkachita ngati yasonkhana pansi pa chipewacho.

"Moni, achimwene," anatero munthuyo, osaleka kupota.

Apa panali pamtunda, osati pamadzi, choncho Elifala anayankha. "Zikomo, wawa."

"Kafodya pang'ono?"

"Ndinasiya kalekale."

"Ifenso," anatero munthu uja, naseka pang'ono, kuseka kouma. "Amayi aja ndi anu?"

Elifala anayankha, "Ndi anga."

"Munthu wabwino. Atisokera matumba onse ong'ambika, msoko wake wowongoka ngati wa pasitolo. Akuti amuna awo anawaiwala pamtsinje. Ife tawauza kuti asadandaule, zimachitika. Ifenso anatiiwala."

"Ndabwera kudzawatenga."

"Kukawatula kutsidya?" Chingwe chinaima pantchafu. "Inu mwakula, achimwene, za kutsidya mukuzidziwa. Abale awo akawalandira, akawagoneka pafupi ndi amayi awo, inu akakuthokozani, akakupatsani madzi akumwa, basi. Mkamwini wopanda mkazi ndi mlendo. Pakhomo pake ndi pati? Ife kuno sitilekanitsa anthu. Tinyamuka nkhungu ikayera. Njira yathu ndi yaitali, ilibe changu, ilibe mapiri. Mwamuna amayenda, mkazi wake pambali pake, akucheza."

Mawuwo anali ofewa, ndipo analowa mwa Elifala ngati kutentha kwa moto m'manja ozizira. Anaiona njirayo m'maganizo mwake: yoyera, yotsetsereka pang'ono, timabelu patsogolo, dzuwa losawotcha, ndi phazi la Esinati likugwa pamodzi ndi lake. Bondo lake linaleka kupweteka. Kuseri kwa mikuyu wina anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kumvano.

Anadzigwedeza ngati munthu wodzuka pa mpando wa basi, nadutsa munthu uja osatsanzika.

Pakamwa pa mlatho panalibe amene ankaoneka. Panali udzu wopondedwa, malo okwana mapazi awiri. Elifala anaima pambali pa malowo, anavula chipewa, anaika duku ija paphewa naigwira ndi dzanja lamanzere.

"ANangozo, ndine. Ndabwera. Uyu ndi Nankhuwi, mtsinje wa kwanu, umene munkachapamo. Tiyeni, tikuwoloka."

Dukuyo inafunda pansi pa dzanja lake.

Anagogoda pa mwala ndi chigwiriro cha ambulera. Go. Go. Go. Anadikira. Nkhungu inameza mawuwo. Atangokweza phazi, kuchokera tsidya la kutauni kunamveka ndodo pa mwala. Go. Go. Go.

Anaponda pamlatho.

Miyala inali yoterera ndi ndere. Timakoma tija tinkaoneka tatifupi kuposa kale, ndipo kunsi kwake kunalibe madzi ooneka, koma kuyera kokhakokha, ngati mlathowo wapachikika m'mitambo. Anakwera pang'onopang'ono, ndipo pa sitepe iliyonse timabelu tinkayandikira, ndi ziboda zikugunda mwala, kwa, kwa, kwa. Atafika pa linunda, m'nkhungumo munatuluka mphuno yotuwa ya bulu, n'kuima chala chimodzi kuchokera pachifuwa pake. Mpweya wake sunali wofunda. Uku ndi uku kunalendewera matumba onyowa, akudontha madzi a mchere pamwamba pa timakoma. Kumbuyo kwake kunali makutu ena, ndi ena, mpaka kuzimirira.

"Ife tagogoda," anatero mawu kuseri kwa buluyo. Anali mawu omwe aja a munthu wopota chingwe, amene anamusiya kumbuyo pansi pa mkuyu. "Tasenza mchere, abulu khumi ndi awiri. Inu mwasenza chiyani, achimwene? Kaduku? Wamanjamanja amapatuka. Bwererani."

Yankho linafika pamilomo ya Elifala, koma analiluma. Anali pamwamba pa madzi.

"Simuyankha? Ndiye tembenukani. Masitepe ndi ochepa. Mukangotembenuka muwaona amayiwo maso ndi maso. Zaka zitatu mwangomva mpando ukulira. Simufuna kuona nkhope?"

Pakhosi pake, kumbuyo, panafika kampweya kofunda, ndi fungo la sopo wochapira. Anali pafupi choncho. Khosi la Elifala linayamba kupotoka lokha, pang'ono, pang'ono, mpaka m'mphepete mwa diso munalowa kanthu kobiriwira. Anatseka maso zolimba.

Sakanatha kuyankha mwini abulu. Sakanatha kupita patsogolo. Panatsala munthu mmodzi yekha amene mwambo unkamulola kuyankhula naye.

"ANangozo," anatero, maso ali chitsekere, "ndinawanamiza alamu. Sindinagone m'minibasi muja. Mtsinje ndinauona uli patali, ndinaona ndi mikuyu yomwe. Dzina lake linali pakamwa panga. Koma ndinati ndikalitchula, ndiye kuti mwafika, ndipo mukafika ndiye kuti mwapita. Ndinaganiza kuti ndikakhala chete mutsalira m'thumba mwanga, tikabwerere limodzi, muzikandimvera madzulo monga kale. Ndinakusiyani panja masiku atatu, pachisanu, pakati pa alendo, chifukwa choopa kumwa tiyi ndekha."

Anapuma. Timabelu tonse tinali titakhala chete.

"Zaka makumi anayi munanditsatira kudziko la eni. Chaka chilichonse munkati tipite kwathu, ine n'kumati chaka chamawa. Simunandikalipirepo. Munapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo icho chomwe ndinafuna kukumanani. Pepani, mayi. Kwerani, ndikuberekeni. Ndikakutulani kwa amayi anu."

Poyamba sipanachitike kanthu. Kenaka dukuyo inayamba kulemera. Inalemera ngati mwala wonolera, ngati thumba la chimanga, ngati munthu. Manja awiri anazungulira khosi lake mofatsa, ndipo chibwano chinatsamira paphewa pake, pamalo pamene chinkatsamira kale. Miyezi yomaliza ija ankamunyamula kuchoka pabedi kupita padzuwa, ndipo anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Lero ayi. Lero munali zonse: sutikesi ija, makina osokera, nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, timanda tiwiri tating'ono ta ana amene sanalire pobadwa, makalata a maliro a kumudzi amene anawerengera limodzi osatha kupita. Mawondo ake anapindika. Ambulera inagwa m'dzanja, inadumpha kakhoma, ndipo sanaimve ikufika pamadzi. Pansi pa mapazi ake mlatho unabuula, mwala kukukuta mwala, ndipo fumbi la laimu linayoyokera m'kuyera kuja.

Anatsegula maso. Bulu wa patsogolo anali ataweramitsa mutu. Kuseri kwake dzanja linakwera, n'kuvula chipewa cha mlaza.



"Bwezani abulu!" mawu aja anafuula, ndipo tsopano anali mawu a kapitawo pantchito. "Bwezani onse! Uyu wasenza."

Ndipo abulu aja, amene sayenda chambuyo, anayamba kubwerera. Chiboda chimodzi, chinanso, timabelu tikulira mosokonekera, mzere wonse ukutsetsereka chafutambuyo kulowa m'nkhungu. Elifala anawatsatira atawerama, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina. Thukuta linkalowa m'maso. Msana unkatentha ngati ukuthyoka, koma sankafuna kuti mlathowo uthe. Anawerenga miyala yotsala. Isanu ndi iwiri. Isanu. Ankaponda uliwonse mochedwa mmene akanathera.

Pakamwa pa mlatho zithunzithunzi zinali zitaima mbali zonse ziwiri za kanjira, zitampatsa mpata, zipewa m'manja. Pamene ankadutsa, chimodzi chinanong'ona ndi kayankhulidwe kachilendo, "Bambo, mukadzakumana ndi a kwathu, mudzawauze kuti…" Koma phazi lake limodzi linali likadali pamwala, ndipo sanathe kufunsa kuti kwanu ndi kuti.

Anaponda dothi.

Nkhungu inang'ambika ngati nsalu yakale. Chigayo chinali chikulira kumtunda, wailesi ikuimba, dzuwa lili pamutu. Patsogolo pake panali Velina atagwada pakanjira, manja onse awiri atatambasula, ndipo kumbuyo kwake kunali Nachisale ndi amayi ena asanu ndi mmodzi, zitenje zomanga m'chiuno.

"ANangozo," anatero Elifala ndi mpweya wotsala, "tawoloka. Kuno ndi kwanu."

Anatsitsa duku ija paphewa naiika m'manja mwa mlamu wake. Manja a Velina anatsika mpaka pansi ndi kulemerako. Anaikumbatira pachifuwa, anatsegula pakamwa, ndipo kulira kunatuluka kumene kunadikira zaka zitatu.

"Achemwali ine! Mwafika, achemwali! Mwachedweranji chonchi?"

Amayi aja anaulandira mfuuwo, namuimiritsa, nayamba kukwera naye kanjira kopita kumanda a kwa Ngozo, akuimba nyimbo ya kumvano ija, yonse, mpaka kumapeto kwake.

Elifala anatsala ataima. Anawongoka mosavuta, ndipo kuwongokako kunamuopsa. Pamsana pake, pamene panali pofunda, mphepo ya Juni inalowa m'jekete. Anayesa kunena kanthu kakang'ono, monga ankachitira madzulo aliwonse, kuti bondo layambanso, kuti ambulera yapita ndi madzi. Mawuwo anatuluka, nagwa pansi. Panalibe womva.

Kumtunda, Velina anacheuka, nkhope yonse ili misozi.

"Alamu! Mwaimiranji pamenepo ngati mlendo? Bwerani kutsogolo kuno. Maliro ndi anu awa."

Anayamba kukwera. Pa sitepe yachitatu chifuwa chake chinagwedezeka, ndipo kunatuluka liwu limene iye mwini sanalizindikire, lokalamba, losweka, ngati la mwana wotayika pamsika. Amayi aja anapatuka, namulowetsa pakati pawo.

Pamtanda wa pamanda a ku Bulawayo analembapo tsiku lina, la zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo amene analemba sananame. Koma mukanamufunsa Elifala Kamtedza kuti mkazi wake anamwalira liti, akanakuuzani kuti linali Lachisanu, m'mwezi wa Juni, nkhungu itangoyera.